Lusekelo Wafunsa Ngati Timatumiza Khofi ku Joni

Monire nonse, owerenga anga, a ku Boma, a ku Kaseye, ndi inu a kumwera amene munabwera ndi ntchito n'kuzolowera mphepo yathu! Sabata ino ndavina, ndalira, ndavinanso, ndipo miyendo sikudziwa kuti itsate ziti.

Mukudziwa kuti ine ndimakazinga khofi kuno ku Misuku. Wambiri timakagulitsa komwe amagulitsa anzathu onse, koma wina ndimasungako. Ndimamuyanika, ndimamukazinga pa phale, ndimamusinja, fungo lake mpaka kutsidya kwa dambo! Kale ogula anali anzanga a kutchalitchi basi. Ndiye mpongozi wanga Tupokiwe, mkazi wa mwana wanga Lusekelo, anati, "Amama, titsegule peji pa foni, anthu azimuona khofiyu." Ndinafunsa kuti peji n'chiyani. Anati ndi benchi ya pamsika, koma yosanyowa ndi mvula.

Anatseguladi. Amajambula manja anga, phale langa, timapaketi tathu titandandalika pa mkeka. Eee, anthu inu! Anamwino a ku Boma anayamba kuitanitsa, aphunzitsi nawo, ngakhale a ntchito za paboda. Loweruka njinga yamoto imatsika phiri itabereka katoni yanga ngati mwana.

Ine zilembo zinandikana kalekale, ndipo izi mukuwerengazi akulemba ndi Tupokiwe, ine ndikungoyankhula. Koma nkhope ndimawerenga! Aliyense woika chala choimika, chosonyeza kuti wakonda, pa chithunzi chathu amasiya kankhope kake, kakang'ono ngati nyemba. Masana tikamapuma ndimati, "Bweretsa kuno ndione alendo anga." Ndimawalonjera mmodzimmodzi. Monire mama wa duku lofiira. Monire dada wa magalasi. Yewo, yewo, mubwerenso.

Lolemba ndikulonjera choncho, mtima unagunda kuti phi! Kankhope ka chipewa, ndevu zoti sindikuzidziwa, koma khutu lakumanzere lopindika ngati la malemu bambo ake.

"Takulitsa apa," ndinatero.

Tupokiwe anayang'ana ku nthochi.

"Kulitsa, mwana wanga."

"Amama, musiyeni ameneyo."

Anali Lusekelo! Lusekelo amene anapita ku Joni mwana wake akukwawa, lero mwanayo amadziyendera yekha kusukulu. Poyamba ankaimba foni, kenako nambala inafa. Tinafunsa aliyense wochokera kumeneko. Ena anati ali m'ndende, ena anati kagoneni, munthuyo kulibe. Ndi uyu apa, masaya tutumu, akuika chala pa khofi wanga! Ndinaimba nthungululu nkhuku zonse balala.

Tupokiwe sanavine nawo.

"Amama, anayamba kale zimenezi. Dzina anasintha, akudzitcha lachizungu. Chithunzi chilichonse, chala. Ndinamulembera kumbali, anawerenga, zii. Ndatopa ine. Ndimutsekera kunja, asamaonenso peji yathu."

"Usatseke, mayi wanga, usatseke!"

"Chala chidzafolera nyumba, Amama? Mwana akamafunsa bambo ake, ndizimuonetsa chala?"

Mwana wa eni ake sanalakwe. Ndi iye amene wakhala nane, ndi iye amandithira madzi osamba nyamakazi ikandigwira. Koma akatseka, ine mwana wanga ndidzamuonera kuti? Kankhope ka nyembako ndiko kokha ndili nako.

Tandiuzeni, owerenga anga, tilipo angati otere kuno ku Chitipa? Mayi wina wa ku Kaseye, wogulitsa mafuta a mpendadzuwa, anandiuza pamsika kuti mwana wake wamkazi amaika kamtima kofiira pa botolo lililonse la pa peji yawo, koma maliro a azakhali ake sanabwere, ngakhale foni. Tinatsegula mapeji kuti tipeze makasitomala, tapezamo ana athu atabisala pakati pa makasitomalawo, akutisuzumira ngati munthu wodutsa kuseri kwa mpanda.

Sindikuti ndi oipa, ayi. Ndi manyazi. Ananyamuka akulonjeza malata ndi galimoto, dziko la eni linawakhalira pamsana. Chala sachifunsa mafunso. Koma ukangotulutsa mawu, ayamba: uli kuti, ubwera liti, watisungira chiyani? Ndiye amasankha chala. Koma ana inu, ndani anakuuzani kuti mimba zathu zinabereka malata?

Ndinamugwira dzanja Tupokiwe. "Ndipatse sabata ino yokha. Undijambule vidiyo yotsatsa malonda, ndiimbe."

Ndinavala chitenje changa cha Lamulungu, ndinakhala pafupi ndi phale, chipande m'manja, n'kuyamba:

Khofi wa ku Misuku, wakazinga ndi gogo,
wapafupi bwera, wakutali imba,
nawe Kakhutu wanga, kapu yako ilipo,
sindinamwetsemo mlendo, ilipo, ilipo!

Kakhutu ndi dzina limene ndinkamunyengerera nalo ali kumsana. Amalidziwa ndi iye, ine, ndi manda a bambo ake.

Vidiyo ija inathamanga kuposa njinga yamoto! Oitanitsa anachuluka mpaka mapaketi anatithera. Namwino wina anafunsa kuti khofi wa Kakhutuyo ndi bei gani, akufuna amulawe. Tinaseka mpaka misozi. Koma nditalonjera alendo anga onse, khutu lija panalibe. M'mawa mwake panalibenso. Chakudya chinandikana. Ndinati ndamuthamangitsa ndi pakamwa pangapa, ndamuchititsa manyazi pa anthu, ngakhale chala chomwecho ndachitaya.

Lachisanu ndili kumunda, ndinaona Tupokiwe akutsetsereka m'kanjira, foni m'mwamba, duku m'manja. Pansi pa vidiyo, pakati pa ofunsa mtengo, Lusekelo anali atalemba ngati kasitomala wamba: "Kodi mumatumiza ku Joni?"

Mawu, anthu inu! Mwana wanga ali ndi mawu! Ndinati werenganso. Anawerenga. Ndinati werenganso pang'onopang'ono. Ndinavina pakati pa mitengo ya khofi, nyamakazi inaiwala ntchito yake.

"Lemba kuti eya! Titumiza pa basi, thumba lonse, ndi uchi womwe!"

Tupokiwe anakhala pa chitsa, akupuma mwawefuwefu. "Amama, mukatumiza adzamwera konko. Kuno adzabwereranji?"

Ndinasiya kuvina. Tupokiwe analemba yekha, kenako anandiwerengera: "Ena onse timawatumizira. Wanuyu ayi, mwini wake amadzatenga yekha. Msewu ndi womwe uja, ngakhale mvula yaukumba."

"Wonjezera kuti palibe adzamufunse kuti wabweretsa chiyani," ndinatero.

Tupokiwe anati, "Inu simudzafunsa, Amama. Ine mafunso ndili nawo odzaza dengu."

Koma anawonjezera. Ndipo sanamutsekere kunja.

Mpaka lero sanayankhe. Njinga yamoto iliyonse ikamalira pokwera phiri, ndimasiya phale pamoto n'kutulukira kumsewu, n'kupeza ndi wogula nthochi. Anamwino anga a ku Boma, ngati khofi wa sabata ino akuwawa, ndikhululukireni, anapserera ine ndili kumsewu.

Nanga iwe amene ukuwerengera izi kutali, ku Joni, ku Mbeya, ku Lilongwe, amene malonda a mayi ako umawaona tsiku ndi tsiku pa foni: udzawalembera liti mawu, ngakhale ongofunsa mtengo?