Chigubu Chimene Ndinasiya Kutembenuza

Kwathu sitidzala pansi. Limeneli ndi lamulo la Amayi, ndipo ndinalidziwa ndisanayambe n'komwe sukulu. Abambo ndi msilikali. Kumene awatuma ifenso timapita, ndipo palibe amene amatifunsa ngati chimanga chacha kapena ayi. Amayi amati atangokwatiwa kumene anadzala nthochi kuseri kwa nyumba ina ya ku baraki, n'kumathirira chaka chathunthu, koma transifa inatuluka mkoko woyamba ukadali wauwisi. Anadya ndi ena. Kuyambira pamenepo zonse timadzala m'matumba a simenti ndi m'zigubu za mafuta ophikira, zodula pakamwa ndi kuboola kunsi ndi msomali wamoto, kuti lole ikabwera dimba likwere nafe.

Titachoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe tinapeza nyumba za ku baraki zitadzaza, choncho tinachita lendi. Tinayamba takhala ku Kawale miyezi ingapo, kenaka tinapeza ina ku Area 23, mumpanda umodzi ndi mayi eni nyumba. Ndinali mu Sitandade 7. Imeneyi inali sukulu yanga yachinayi, ndipo ndinali nditatopa ndi kuimirira kutsogolo kwa kalasi n'kumatchula dzina langa kwa anthu amene aliiwala belu lisanalire. Zoyankhula zanga zambiri ndinkazilemba m'kope la chikuto chofiira limene ndinkabisa pansi pa mayunifomu.

Ku Area 23 mpopi unkatha kuuma masiku atatu, ndiye madzi kwathu sankatayidwa atagwira ntchito imodzi yokha. Otsukira ndiwo ndi mpunga ankapita ku dimba. Ochapira, chifukwa cha sopo, ankakolopa m'nyumba kenaka n'kupita kuchimbudzi. Makoko a mbatata, a nthochi ndi zigoba za mazira tinkaponya m'thumba limodzi pamodzi ndi phulusa, ndipo pakatha miyezi iwiri munkatuluka dothi lakuda lonunkhira ngati mvula yoyamba. Fumbi lotsalira pansi pa thumba la makala Amayi ankalikanda ndi mapepala anga akale a mayeso, ataanyika m'madzi, n'kuumba timipira toyanika pa denga. Tinkayaka pang'onopang'ono, tabwino kuphikira nyemba. Tsiku lina aphunzitsi anafunsa m'kalasi ngati alipo amene anaonapo anthu akusamala chilengedwe pakhomo pawo. Ndinkadziwa kuti akunena za kwathu, koma dzanja langa linakana kukwera. Ndinakalemba yankho lonse m'kope langa nditaweruka.

Ntchito yanga inali ya Loweruka m'mawa. Chigubu chilichonse chinkakhala pa njerwa ziwiri. Ndinkayenera kuchinyamula, kusuzumira kunsi, kutsina kamuzu kalikonse koyera kamene katulukira pa bowo, kenaka n'kuchitembenuza kuti mbali inayo ione dzuwa.

"Muzu ukalawa dothi la eni sukumveranso," Amayi ankatero. "Uzitsina ukadali kaulusi."

Pakati pa mpiru, tomato ndi anyezi panali chigubu chimodzi chachikasu chimene chinali changachanga. Tsiku limene tinkachoka ku Zomba, mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe, mnzanga yekhayo amene ndinali naye, anandipatsira peyala pa zenera la lole. Tinadya panjira, koma njere yake ndinaisunga m'thumba la diresi. Inamera ku Kawale m'kachitini ka majarini, ndipo ku Area 23 ndinaisamutsira m'chigubu. Mnzangayo sindinamuonenso, bambo akenso anawatumiza kwina. Kamtengoko ndi kokhako kamene kanadziwa nyumba zonse zitatu pamodzi ndi ine.

Koma sikankakondwa. Kanafika m'bondo mwanga n'kuima pomwepo. Masamba ake ankapsa m'mphepete ngati pepala loyandikira moto, ndipo latsopano likatuluka lakale linkagwa. M'kope langa muli masamba ambiri olembedwa mawu amodzimodzi: kakadali m'bondo.

Dzinja lina mvula inagwa yamphamvu masana, madzi a mumsewu n'kuyamba kulowa kukhitchini. Amayi anathamanga n'kusolola njerwa pansi pa zigubu zapafupi kuti atchinge pakhomo. Ziwiri zinali za chigubu changa. Mvula itatha zigubu zina zinabwerera pa njerwa zake, koma njerwa ziwiri zinatsala pakhomo la khitchini, ndipo changa chinakhala padothi penipeni, pafupi ndi mpanda.

Masabata atatu ndinachitembenuzabe. Loweruka lachinayi nditachigwira ndinamva kukoka pang'ono kuchokera pansi, ngati mwana akagwira nsonga ya chitenje. Ndikanakoka kamodzi kokha zikanatha. Ndinachotsa manja. Tsiku limenelo ndinalemba kuti: Lero sindinatembenuze, ndichita mawa.

Sabata yomweyo Abambo anabwera kuntchito akuimba kamluzu. Anati awapatsa ntchito yophunzitsa anzawo, ndipo ophunzitsa sasunthidwa wamba.

"Amake mwana, apa ndiye tikhalitsa. Ameneyu mayeso ake onse alembera konkuno."

Amayi anangoti, "Tiona," n'kupitiriza kusankha mpunga. Ine ndinakhulupirira.

Pofika nthawi yokolola kamtengo kaja kanali m'chiuno mwanga. Masamba atsopano ankatuluka ofiirira, osalala, kenaka n'kusanduka obiriwira aakulu kuposa chikhatho cha Abambo. Chaka chisanathe unali mtengo ndithu, wofika paphewa panga, ndipo mbalame zinayamba kuteramo. Ndinakokera matumba a mpiru mozungulira chigubucho kuti kunsi kusaoneke. Loweruka lililonse ndinkatembenuza zonse, ndikafika pa chachikasu ndinkangoikapo manja n'kuwerama ngati ndikunyamula.

"Watembenuza zonse?" Amayi ankafunsa ali pa beseni lochapira.

"Eya, Amayi."

Sindinali mwana wabodza, ndipo bodza limeneli linkandisowetsa mtendere tsiku lonse. Komabe chaka chimenecho ndi chimene ndinasankhidwa kupita ku sekondale ya komweko, ndinapeza mnzanga wokhala naye desiki imodzi, ndipo mayi wogulitsa zitumbuwa pa geti anayamba kundiitana ndi dzina langa.

Transifa inatuluka mu Okutobala, ndili Fomu 1. Abambo anafika dzuwa likadali pamutu, n'kukhala pakhonde osavula jombo.

"Amake mwana, yatuluka."

"Ya kuti?"

"Kumpoto. Lole ibwera Lachisanu m'mawa."

Linali Lachiwiri. Amayi sanadandaule. Anapukuta manja pa chitenje n'kundituma ku golosale kukapempha makatoni. Pobwerera ndinadutsira pa chigubu chija, n'kuchikankha ndi bondo. Chinali ngati chomangidwa ndi simenti.

Ndinaganiza kuti ngati sungapite nafe, bola utsale wamoyo. Lachitatu nditaweruka ndinapita kwa mayi eni nyumba. Anali mayi wonenepa, wamasiye, wokonda kuseka mokweza, ndipo m'zaka ziwiri zonse ndinali ndisanawauzepo china choposa moni. Ndinawapeza pamkeka akusenda mtedza. Ndinagwada chapatali.

"Ii, mwana wa asoja! Kodi umayankhula? Ine ndinkayesa mawu anakusungira ku baraki."

"Ndimati ndipemphe nawo, Amayi. Mtengo wanga uja wa mapeyala. Ukanatsala pompaja."

"Si uli m'chigubu? Nyamulani, inu mumanyamula ndi dothi lomwe."

"Wagwira pansi."

Anasiya kusenda n'kundiyang'ana. "Mayi ako akudziwa?"

Ndinapukusa mutu.

"Mwana wanga, ndisakunamize. Mukangotuluka, pamenepaja ndikumangapo zipinda ziwiri. Mchenga ukubwera Lolemba, amisiri ndapangana nawo kale. Mumtengo simugona munthu." Kenaka anatapa mtedza n'kundiika m'manja. "Tenga, uzidya. Ukadzale wina kumene mukupitako, kumpoto mvula ndi yambiri."

Ndinathokoza n'kuchoka. Lachinayi lonse ndinkafuna kuuza Amayi. Ndinawatsatira kukhitchini, ndinawagwirira chingwe pomanga matiresi, ndinawathandiza kukulunga makapu m'nyuzipepala, koma mawu sanatuluke.

Lole inafika Lachisanu dzuwa litangotuluka, ndi asilikali atatu odzathandiza. Anakweza mabedi, kabati, mbaula ndi njinga ya Abambo. Atafika kuseri n'kuona mzere wa matumba ndi zigubu, mmodzi wamtali anagwira m'chiuno.

"Asajeni, kodi tikusamutsa nyumba kapena esiteti?"

"Nyamula iwe," Abambo anatero. "Tomato ameneyu ndi amene umadzapempha."

Ananyamula akuseka, chimodzichimodzi, mpaka matumba a mpiru aja anachoka ndipo chachikasu chinatsala poyera. Wamtali uja anachigwira ndi dzanja limodzi, kenaka awiri, kenaka anaitana mnzake.

"Ichi chakana lamulo, bwana."

Amayi anabwera. Anagwada, n'kufukula ndi chala m'mphepete mwa chigubu. Pansi pake panali patang'ambika, ndipo muzu wonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi unali utalowa m'nthaka, kulunjika ku maziko a mpanda. Sanakweze mawu.

"Kuyambira liti?"

"Dzinja la chaka chatha."

Asilikali aja anasiya kuseka n'kupita kukamanga zingwe ku lole. Abambo anabweretsa khasu, koma nthaka ya mu Okutobala inali gwa, khasu linkangodumpha. Mayi eni nyumba anatulukira akumanga mpango.

"Pepani Asajeni, pamenepo ayi. Mundigwetsera mpanda."

Abambo anayang'ana wotchi yawo, kenaka ine. Sanali okwiya. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wakumbukira zimene ananena yekha.

"Mwana wanga, lole ndi ya boma, siidikira. Mtengo ndi wako. Tidule muzu tinyamule, kapena tiusiye?"

Onse ankandiyang'ana, ndipo ine sindimatha kuyankhula anthu akamandiyang'ana. Ukatsala, Lolemba ugwetsedwa. Ukadulidwa muzu, mwina upulumuka. Ndinagwira mawu akuti mwinawo.

"Dulani, Ababa."

Anapendeketsa chigubu, n'kulowetsa chikwanje kunsi. Anatema kawiri. Kachiwiriko mtengo wonse unagwedezeka, chigubu n'kupepuka m'manja mwawo. Pansi panatsala kachitsa koyera, konyowa.

Kenaka Amayi anachita chinthu chimene chinandiliza kuposa chikwanje. Anayamba kuthothola masamba, aakulu okongola aja, mofulumira ngati akutchola nkhwani.

"Amayi, musatero!"

"Muzu wachepa. Sungamwetse onsewa. Gwira apa."

Anasiya anayi okha kunsonga. Anakulunga chigubu ndi chiguduli chonyowa, n'kuthira madzi amene tinasungira kumwa panjira. Masamba othotholawo sanawataye, anawaika m'thumba la manyowa. Mayi eni nyumba anatiperekeza mpaka pa geti akuti tiyende bwino, tisawaiwale.

Ndinakana kukhala kutsogolo. Ndinakhala kumbuyo pa matiresi, chigubu chili pakati pa miyendo yanga, ndikutchinga mphepo ndi chitenje. Tinadutsa pa sukulu yathu nthawi ya buleki. Mnzanga wa pa desiki uja ndinali nditamulembera kalata yotsanzika, koma inali ikadali m'kope langa.

Kumalo atsopano tinapatsidwa nyumba ya mu baraki. Chigubu ndinachiika pamthunzi, pa njerwa ziwiri. Tsamba loyamba linagwa patatha masiku asanu. Lachiwiri ndi lachitatu anagwa tsiku limodzi. Lomaliza linakhala nthawi yaitali, lopinda ngati khutu la galu wodwala, ndipo m'mawa uliwonse ndisanapite kukaimanso kutsogolo kwa kalasi yatsopano ndinkayamba ndaliona. Sabata yachitatu Amayi anakanda khungwa ndi chikhadabo, pamwamba, pakati, mpaka pansi. Ponseponse panali pofiirira, pouma.

Loweruka lotsatira tinakhuthula dothi lija n'kulisakaniza ndi manyowa. Amayi anatseka pong'ambika paja ndi chidutswa cha thumba, ndipo tinaokeramo tomato. Tili chogwada choncho, manja ali m'dothi, anayankhula osandiyang'ana.

"Ine ndinkaona. Mapeyala sakula chonchija m'chigubu."

"Nanga bwanji simunanene, Amayi?"

Anatsindira dothi mozungulira mbande ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono.

"Njerwa zija ndinkazidutsa tsiku lililonse pakhomo la khitchini. Ndinkati ndibwezera mawa."

Thunthu louma lija Amayi sanalole kuti lipite pamoto. Analidula nthambi n'kulizika m'chigubu momwemo kuti tomato akakula adzatsamire, ndipo anandipatsa kansalu kong'amba ku yunifomu yanga yakale kuti ndidzamangire.

Tsopano ndili Fomu 2, ndipo mphekesera zayamba kale kuti chaka chamawa ena asamutsidwa. Loweruka lililonse ndimanyamula zigubu zonse, chachikasu chomwe, ndipo ndikapeza kamuzu koyera ndimakatsina.