Matekenya a ku Misasa

Phini uja ndimamuonabe: wamkulu, wadzimbiri kumutu, amayi ankatsekera kachikwama kawo ka nsalu. Mpaka lero ndikaona phini wotero, zala zakumapazi zimandiyabwa.

Chinali chilimwe, sukulu titatsekera, pamene banja lonse tinachoka ku Chipata kupita ku msonkhano wa misasa ku Kasenengwa, kwawo kwa atate. Mipingo inkasonkhana m'mbali mwa dambo, banja lililonse nkumanga msasa wake wa udzu. Chaka chimenecho amayi anasankhidwa kutsogolera kwaya ya azimayi a m'tauni pa tsiku lotsekera. Yunifolomu yoyera anaisita kawiri, nsapato zatsopano nkuzikulunga m'nyuzipepala ngati mazira. Kunyumba ankangoimba, ngakhale potsuka mbale.

Titatsika lole, azakhali, mlongo wawo wa atate, anatithamangira opanda nsapato, mwana kumsana. "Achimwene, malo takusungirani pambali pathu!" Atate anali mphunzitsi, ndipo m'lolemo munali ahedi awo ndi ena a mataye. Atatewo anapatsa azakhali moni wa kunsonga kwa zala, nkunena kuti ana awo sanazolowere utsi. Kenako analoza kuseri kwa chulu, patokha, pomwe panali mthunzi koma palibe amene anamangapo.

"Pajatu panali khola la nkhumba," anatero azakhali.

"Linali kale," anayankha atate.

Kale lake liti! Dothi lake linali lofewa, lotuwa, ndipo dzuwa likakwera linkatulutsa fungo lokola pakhosi. Tikayala mphasa, fumbi la ndowe zouma linkalowa m'mabulangeti. Ntchentche zobiriwira zinkatera pa buledi ndisanamufikitse kukamwa. Tiyi ankamveka nkhumba. Ine ndi mng'ono wanga tinkadya titatsina mphuno, atate nkumatiuza kuti mpweya wa kumudzi ndi wa thanzi.

Sabata isanathe tinayamba kukanda. Pansi pa zikhadabo panatuluka timadontho takuda, tozungulidwa ndi khungu loyera. Anali matekenya. Amayi ndiwo anavutika nawo koopsa, poti ankakhala pamsasapo kuphika ndi kutsuka. Anabisa, akutsimphina mwakachetechete, mpaka zala zinatupa nkuyamba kuchucha.

Madzulo a tsiku loti mawa nkutsekera, amayi anatigwira manja nkudutsa nafe pakati pa misasa yonse mpaka kwa azakhali. Anamasula phini uja nkuwapatsa azakhaliwo. Azakhali anawotcha nsonga yake pamoto nkuika phazi la amayi pa ntchafu zawo. Ankatong'ola pang'onopang'ono mpaka kathumba koyera kotukumuka ndi mazira katatuluka, nkukaponya pamakala, phu! Kena kanaphulikira m'chala momwemo, mafinya ndi timazira zinayenderera pa chitenje. Ndinathamangira kuseri nkusanza. Pomaliza anathira palafini m'mabowomo. "Pepani alamu," ndi zokhazo zimene azakhali ankabwereza.

M'mawa mwake nsapato zija zinakana. Amayi anayesa ndi sopo, anayesa ndi mafuta, misozi ili chuchuchu. Kenako anati palibe kanthu, aimirira choncho, Mulungu sayang'ana kumapazi. Atate anali akumanga taye.

"Mkazi wa mphunzitsi sangaime kutsogolo opanda nsapato, ahedi ali pomwepo."

Kwaya inatsogoleredwa ndi mayi wina. Amayi anakhala pamphasa ya azimayi a kumudzi, pambali pa azakhali, yunifolomu ili mbuu, mapazi atakulungidwa nsanza. Milomo yawo inkatsatira nyimbo yonse popanda mawu. Kuchokera pamenepo mbale kwathu zinkatsukidwa mwakachetechete.

Khola lija linali la agogo, ndipo amene ankadyetsa nkhumbazo ali mnyamata anali atate. Izi azakhali anadzandiuza ndili ndi ndevu. Pa lole yobwerera ndinkangoyang'ana mapazi a atate, amene masiku onsewo anagona ndi masokosi ndi nsapato, osavula olo kamodzi. Analibe thekenya ngakhale limodzi. Ndinagunda mng'ono wanga ndi chigongono nkumunong'oneza monyadira kuti matekenya amaopa aphunzitsi. Amayi anamva, anayang'ana nsapato za atate nthawi yaitali, kenako analavulira kunja kwa lole. Ine ndinaganiza kuti ndi fumbi.