Mpando wa Adona m'Galimoto ya Atelala

Anthu amawatchula kuti Atelala, ngakhale kuti chiyambire sanasokepo shati kapena thalauza la munthu. Iwo amasoka mipando ya magalimoto. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa garaja, kodzaza ndi siponji, zidutswa za chikopa ndi fungo la guluu. Pakhomo pali makina osokera akuda, olemera ngati mwala, amene anagula asanakwatire. Chala chawo chachikulu chakumanja chinaphwatalala chifukwa chokankha nsalu pansi pa singano zaka makumi atatu ndi zisanu. Akangosuzumira mpando wa dalaivala, amatha kunena ngati mwiniwake ndi wonenepa, ngati amatsamira kumanzere, kapena ngati amadyera m'galimoto.

Akazi awo atamwalira, anatsala ndi mwana mmodzi wamkazi, amene anamulera ndi makina omwewo mpaka anakhala namwino. Mwanayo anakwatiwa ndi dalaivala wa mathiraki, munthu waulemu koma wooneka pakhomo kamodzi pamwezi, ndipo anabereka kamtsikana. Atelala anakapatsa dzina loti Adona, chifukwa chibadwire sikapempha kanthu, kamalamula.

Adona atakwanitsa chaka ndi miyezi isanu ndi itatu, namwino uja anamusintha nthawi yoyambira ntchito, ndipo ankayenera kufika kuchipatala dzuwa likungotuluka. Zoperekeza mwana kusukulu ya mkaka zinagwera agogo ndi kagalimoto kawo kakale, kamene kunja n'kotuwa koma mkati mipando yake ngati ya m'ndege.

Vuto linali kampando ka mwanayo. Kaja ka ukhanda, kooneka ngati dengu, kanali katachepa.

"Ababa, taonani mutuwo," anatero namwino tsiku lina akumumanga malamba. "Wafika m'mphepete mwenimweni. Kampandoka katha ntchito."

"Ndingoonjezera siponji kumtundaku."

"Siponji siteteza khosi, ababa."

"Iwe unakula ukukhala pamiyendo pa amako. Khosi lako si ili?"

Namwino sanaseke. "Ine ndimagwira kuwodi ya ana. Amene anakhala pamiyendo ndimawaona."

Atelala anangokhosomola n'kuyamba kupukuta galasi limene linali loyera kale.

Patapita masiku atatu, kushopu kunabwera kasitomala wawo wakale, mkulu wogula magalimoto ochita ngozi n'kuwakonza. Anthu amamutcha Nzotheka, chifukwa ndilo yankho lake pa chilichonse. Atamva nkhani ya mdzukuluyo, anapita kuloli yake n'kubwerako atanyamula chimpando chofiira, chokongola, chokhala ndi poika kapu pomwe.

"Tengani ulere, madala. Mwandisokera zambiri inu."

"Wachokera kuti?"

"M'galimoto ina yake. Anangoigunda pang'ono kumbuyo. Mpandowu sunakhudzidwe n'komwe."

Atelala anausisita ndi dzanja. Nsalu yake inali yabwino, msoko wowongoka. Madzulo namwino atafunsa, iwo anayankha kuti ndi wa mnzawo wina amene mwana wake wakula. Bodzalo linatuluka mosavuta moti iwo eni anadabwa nalo. Adona anaukonda mpandowo tsiku lomwelo, ndipo sabata yonse anayendamo atanyamula kapu ngati bwana wamkulu.

Loweruka m'mawa, Adona anakhuthulira yogati yense pampandopo. Munthu wina akanangopukuta ndi kansalu. Koma Atelala sangaone nsalu yakuda n'kuisiya. Anautengera kushopu, anauika pathebulo, n'kuyamba kuuvula monga amavulira mpando uliwonse. Nsalu itachoka, anachotsa siponji. Kenako manja awo anaima.

Papulasitiki, pamalo penipeni pamene pamadutsa lamba wa galimoto, panali mizere yoyera ngati ya chinthu chimene chinapindidwa mwamphamvu. Pakati pa mizereyo panali mng'alu wopyapyala ngati ulusi, wautali ngati chikhatho. Anakanikiza ndi chala chawo chophwatalala chija. Mng'aluwo unayasama.

Anakhala pansi pamulu wa siponji. Anakumbukira Lachitatu, pamene njinga yamoto inawadula kutsogolo pamphambano iwo n'kuponda mabuleki, Adona n'kuseka kumbuyo. Akanaponda mochedwa pang'ono? Ataona kuti makina ali zii, makaniko wa m'garaja anasuzumira kufunsa ngati ali bwino.

Anamuimbira namwino. "Mwana wanga, ndinakunamiza. Tabwera udzaone."

Atafika, anaunyamula mpandowo n'kuuyang'anitsitsa padzuwa. Atelala anadikira mawu, ndipo anadziwa kuti akuwayenera. Koma iye anangopumira m'mwamba, misozi ili lengelenge.

"Ine ndikanaugwiritsa ntchito mpaka mwana atakula, osadziwa kanthu. Ndani winanso amavula mpando chifukwa cha yogati?" Anapukuta m'maso. "Koma zonamazo, ababa, ndiye ayi. Valani nsapato, tikagule."

Asananyamuke, Atelala anatenga sizasi yawo yaikulu n'kudula malamba onse a mpando wofiirawo, kenako anauphwanya ndi hamala. Ankawadziwa anthu: ukangotaya chinthu chokongola, sichigona pamtaya.

Kusitolo ya katundu wa ana anakumana ndi mayi wogulitsa, wamfupi, wa tepi m'khosi. Sanayambe n'kuwaonetsa mipando. Anayamba wamuimika Adona pasikelo, kenako pakhoma. Makilogalamu khumi ndi limodzi ndi theka. Atelala anali atapita kale pa mpando wina wabuluu wa siponji yonenepa.

"Umenewo ndi wa ana a zaka zinayi, agogo," anatero mayiyo. "Musayang'ane kufewa. Werengani kapepala kali m'mbalika, kakunena kulemera ndi msinkhu wa mwana. Wanuyu akufunika uwu. Panopa aziyang'ana kumbuyo. Akadzapyola malire alembedwawa mudzautembenuza."

"Kumbuyo? Munthu wamkulu ngati ameneyu? Nanga miyendo aika kuti?"

"Apinda. Ana satopa n'kupinda miyendo, timatopa ndife. Mutuwu ndi wolemera, khosi likadali lanthete. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, msana wa mpando ndi umene umagwira zonse pamodzi."

Atelala anapempha kuona mkati. Mayiyo anaseka, koma anawalola kukweza nsalu. Anapapasa pulasitiki yonse, ngodya ndi ngodya, kenako anagwedeza mutu kuvomereza.

Panja poimika magalimoto Atelala anakana thandizo. Munthu wa zaka zonsezi pantchito ya mipando angaphunzitsidwe kumanga kampando ka mwana? Anadutsitsa lamba, anamanga, anaimirira n'kupukuta manja. Mayi wogulitsa anabwera, anagwira mpandowo ndi dzanja limodzi n'kuukankha. Unapendekeka ngati woledzera.

"Ababa," anatero namwino, akuwapatsa kabuku ka malangizo ndi magalasi awo, "lero muwerenga."

Anawerenga, chala chikutsata mzere. Anapeza kuti lamba anamudutsitsa m'mabowo a mpando woyang'ana kutsogolo. Anamasula, anayambiranso. Mayiyo anawaonetsa kukoka lamba wa galimoto yense mpaka kumapeto, kenako kumusiya abwerere pang'onopang'ono akulira kuti ke-ke-ke, chizindikiro choti wakiya. Atelala anakanikiza mpandowo ndi thupi lawo lonse uku akukoka lamba, thukuta lili kamukamu, msana ukudandaula.

"Tsopano gwirani pomwe padutsa lambapo, mugwedeze. Usasunthe kupitirira zala ziwiri."

Anagwedeza. Inagwedezeka ndi galimoto yonse, mpando uli nji.

Kenako anakweza Adona. Malamba anawatsitsa kuti atulukire pansi pang'ono pa mapewa, chomangira cha pachifuwa anachikweza kufika m'khwapa. Mayiyo anati ayese kutsina lamba paphewa: akatsinika, ndiye kuti ndi wolobodoka. Sanatsinike.

"Nanga ndikasokera kapilo kakang'ono apa?"

"Ayi!" anayankhira pamodzi amayi awiriwo.

"Ngakhale chijuzi chokhuthala muzimuvula musanamange," anawonjezera namwino. "Mukamanga, mufunditseni pamwamba."

Lolemba m'mawa, Adona anakana kukwera. Anaumitsa thupi ngati thabwa, akufuna mpando wofiira wa kapu. Atelala anachonderera, anaimba nyimbo, anapereka makiyi a shopu kuti aseweretse. Pamapeto pake malamba anamangika. Mwanayo analira mpaka pamaloboti oyamba, kenako kulira kunaduka. Adona anali atazindikira kuti tsopano akuona magalimoto onse obwera m'mbuyo, ndipo anayamba kubayibitsa dalaivala wa basi, amene anabweza ndi hutala. Kuyambira pamenepo kunali kulamula kokhakokha: "Gogo, basi ina! Ina!"

Atelala anamva mapewa awo akutsika. Sanadziwe kuti chiyambire Loweruka anali atawakweza m'mwamba.

Pageti la sukulu, akumasula malamba, anaona bambo wina wa taye akutsitsa mwana m'galimoto yonyezimira. Mwanayo atatsika, mpando wake unapendekekera kuchitseko. Atelala anapereka Adona kwa aphunzitsi, anayenda masitepe awiri kulowera kugalimoto yawo, kenako anabwerera.

"Pepani achimwene, muli ndi mphindi zisanu?"

Bamboyo anayang'ana wotchi, anayang'ana nkhalamba ya maovolosi a guluu, n'kufunsa kuti kwagwanji.

"Palibe chagwa," anatero Atelala, akupinda mikono ya maovolosi. "Tangogwirani apa, mugwedeze."