Magiya a Ankhazi

Ndinapita ku Chintheche ngati mphunzitsi wa masamu wochokera ku Dedza, ndipo kumeneko ndi kumene ndinakwatira. Mkazi wanga ndi Mtonga wa cha ku Kande. Pa abale ake onse, amene ndinatenga nthawi ndisanawaone anali azakhali ake, mlongo wa bambo ake, amene aliyense pabanjapo ankawatchula kuti ankhazi. Iwo anali namwino ndipo anagwira ntchito zaka zambiri ku Mangalande. Atapuma anabwerera kwawo, namanga nyumba ya njerwa zootcha pakati pa msewu wa phula ndi nyanja.

Tsiku loyamba kuwaona ndinakhala patali, chipewa chili m'manja, monga tinaleredwera kwathu. Anali mayi wamfupi, wa imvi zometa bwino, woyenda ndi ndodo. Mwendo wawo wakumanzere unali wowonda ndi wofooka chifukwa cha poliyo amene anadwala ali mwana.

"Ndinu aphunzitsi aja munatitengera mwana?" anandifunsa. "Senderani kuno, ndilibe chifuwa. Ndamva muli ndi laputopu. Mubwere nayo Loweruka, tidzagule galimoto."

Loweruka ndinapitadi. Ndinkayesa tisaka pikapu, kapena galimoto yaitali ngati zimene amayendera a mabungwe. Ankhazi anakokera laputopu kwa iwo, navala magalasi, nalemba okha zimene ankafuna pa tsamba la ogulitsa magalimoto akale ku Japan. Panatuluka galimoto yabuluu, ya zitseko ziwiri, yogona pansi ngati ng'ona, ya matayala otakata.

"Ankhazi, iyitu ndi ya mpikisano."

"Ndikudziwa. Mumayesa ndakuitanirani ngolo?"

Galimoto yomweyo inalipo ya mitundu itatu, ndipo apa ndi pamene panagona nkhani. Inalipo ya manyuwo, yoti uponde kilatchi ndi phazi lakumanzere n'kusintha giya ndi dzanja. Inalipo ya otomatiki, yosintha yokha. Yachitatu ine ndinali ndisanaimvepo. Ankhazi anati m'kati mwake ndi manyuwo yeniyeni, kilatchi ilimo, koma amene amaiponda ndi makina olamulidwa ndi kompyuta. Woyendetsa ali ndi zoponda ziwiri zokha, buleki ndi moto, koma giya amasankha yekha pokoka tizitsulo tiwiri ta kuseri kwa chiwongolero. Kakumanja n'kokwezera, kakumanzere n'kotsitsira. Ankhazi ankatitchula kuti timakutu.

Ndinafunsa chifukwa chimene sakungotengera otomatiki, poti ndi imene ankayendetsa ku Mangalande. Anavula magalasi.

"Ada anga, bambo ondibereka, ankayendetsa lole ya matabwa," anatero. "Ndili wamng'ono ankandikhazika kutsogolo. Ndinkadziwa nthawi yosintha giya dzanja lawo lisanasunthe, ndinkangomvera injini. Nditakula ndinawapempha kuti andiphunzitse. Anayang'ana mwendo wangawu n'kupita kuseri kwa nyumba. Otomatiki yanditumikira, sindiinyoza. Koma imakuganizira, aphunzitsi. Iwe ukuona phiri, iyo sinalione. Ine ndikufuna ndisankhe giya ndekha maso anga akadaona."

Woyamba kutsutsa anali apongozi anga aamuna, mlongo wawo wa ankhazi, mkulu wa mpingo amene anali ndi maukonde ndi bwato la injini. Anabwera atamva mphekesera ndipo anayang'anitsitsa chithunzi chija.

"Munyamuliramo chiyani umu? Thumba la chinangwa silingalowe. Anthu aziti chiyani, mayi wamkulu ngati inu?"

"Chinangwa chili ndi njinga zake," ankhazi anayankha mosakweza mawu. "Ndaphunzitsa ana a m'banja muno, ndamanga nyumba, denga la tchalitchi ndinathandizapo. Ichi chokha ndi changa. Anthu akafuna kunena, ndidzawakweza mmodzimmodzi, aziyankhulira m'kati."

Apongozi anapukusa mutu, koma ndinaona akubisa kaphwete.

Chimene ndinasirira n'chakuti ankhazi sanathamange. Anati tipite ku Mzuzu tikamve kwa makaniko amene adzakhale akuikonza, chifukwa munthu sagula ng'ombe asanadziwe kumene kuli dibi. Tinakwera minibasi. Makanikoyo anali bambo wa msinkhu wanga, wodziwika pa magalimoto a makompyuta, ndipo sanawanyengerere.

"Amayi, tengani otomatiki mugone tulo. Zimene mukufunazi zili ndi pampu yokankha kilatchi. Ikafa, m'dziko muno simuipeza, mpaka ichokere ku Joni. Komanso sizikonda kuyenda pang'onopang'ono. Mukamaikwawitsa pamchenga kapena pamzere wa magalimoto, kilatchi imatentha."

Ankhazi anamufunsa ngati mmene namwino amafunsira wodikirira wodwala. Pampuyo isanafe imaonetsa zizindikiro zanji? Mafuta ake ndi ati, ndipo amasinthidwa liti? Iyeyo anayamba watsegulapo yotere? Makaniko anayankha zonse, ndipo pamene sankadziwa ananena kuti sakudziwa. Ndinaona kuti apo ndi pamene anayamba kumukhulupirira.

Mwamwayi m'galajamo munali galimoto ya mwini sitolo wina wa zitsulo, yokhala ndi magiya a mtundu womwewo. Makaniko anamuimbira foni, ndipo mwiniwakeyo, atamva kuti wofuna kuyesa ndi mayi wopuma pa ntchito, anaseka n'kulola. Ankhazi anaika ndodo yawo kumbuyo kumene ndinakhala ine, makaniko anakhala kutsogolo.

Poyamba zinali zochititsa manyazi. Akakoka kakhutu kakumanja, galimoto inkadukiza kaye kenako n'kudumpha, mitu yathu n'kumagwedera ngati ya gulo. Makaniko anawauza kuti azinyamulako phazi pang'ono pamoto akamakoka. Anayesa, zinachepa. Titatuluka m'tauni n'kuyamba kutsetsereka njira ya ku Nkhata Bay, panabwera khona lakuthwa. Ankhazi anakoka kakhutu kakumanzere. Injini inauwa yokha kamodzi, galimoto inadzigwira, n'kuzungulira khonalo ngati yamata pamsewu. Anakokanso pa khona lina. Kenako anapatukira pambali, nazimitsa injini, manja ali pachiwongolero.

"Ndi imeneyi," anatero pamapeto pake.

Pobwerera ndinawafunsa ngati machenjezo aja anawamva.

"Ndamva onse. Idzandivuta, makaniko uja sakunama. Koma manyuwo sindingathe, ndipo otomatiki sindikuifuna. Kusankha vuto lako wekha kuli ndi kukoma kwake."

Galimoto inabwera kudzera ku Dar es Salaam, ndipo dalaivala waganyu anaiyendetsa kuchokera ku Songwe. Itaima pa Chintheche, makondakitala anasiya kuitanira anthu. Amayi ogulitsa usipa anaimirira. Aliyense ankayembekezera kuti mwiniwake ndi mzungu wa ku malo ogona alendo kapena mnyamata wochokera ku Joni. Ankhazi atatulukira ndi ndodo yawo n'kulandira makiyi, mayi wina anaimba nthungululu.

Vuto loyamba silinachedwe. Kanjira kochokera pamsewu kupita kunyumba kwawo kanali ka mchenga wokhawokha. Ankhazi analowamo mwaulemu, pang'onopang'ono, monga mmene aliyense wosamala chinthu chatsopano angachitire. Tisanafike pakati tinamva fungo la chinthu chopserera, nyale yofiira inayaka, galimoto n'kukana kusuntha. Asodzi amene ankasoka ukonde chapafupi ndi amene anaikankha mpaka pakhomo. Apongozi anga analipo. Anangokanda pachibwano.

Ankhazi sanakwiye. Anadikira kuti izizire, anaimbira makaniko n'kumufotokozera fungo lake, ndipo m'mawa mwake anaitanitsa thirakitala ya dothi lofiira ndi miyala. Kanjirako kanalimba mpaka a njinga za kabaza anayamba kudutsa pomwepo. Kenako anayamba kuiphunzira galimotoyo, m'mawa uliwonse misewu isanadzaze. Anaphunzira kuti pokwera ikaima imabwerera m'mbuyo ngati manyuwo, choncho umagwira handibuleki. Anaphunzira kuti sifuna kunyengereredwa: ngati ukupita pita, ngati waima ima. Mahampu ankawakwera chopingasa kuti isakhule pansi. Patapita milungu ingapo unkatha kumwa tiyi m'menemo iwo akusintha magiya.

Ulendo umene sindiuiwala ndi wa tsiku limene anandiperekeza ku Mzuzu kukatenga mabuku a sukulu. Ndinanyamuka ndi mantha, ndikuyesa tiuluka. Koma m'midzi ankayenda pang'onopang'ono kuposa minibasi. "Mwana ndi mbuzi sadziwa buleki," ankatero. M'munda wa mitengo ya labala, kumene ana amaimika mipira yawo yogulitsa m'mbali mwa msewu, anatsitsa giya n'kumawabayibitsa. Pa rodibuloko wapolisi wina, wa Chichewa cha kwathu ku chigawo chapakati, anasuzumira m'kati, nayang'ana ine, nayang'ananso iwo.

"Amayi, mwini galimotoyi ali kuti?"

"Akukupatsani laisensi," anatero ankhazi akumupatsira.

Wapolisiyo anawerenga, anaona ndodo, anayang'ana pansi pamene panalibe kilatchi, kenako anapempha kuti amuonetse timakutu tija. Anaitananso mnzake kuti adzaone.

Titadutsa Mpamba n'kuyamba kukwera mapiri, msewu unali mbee. Ankhazi anawongola msana. "Gwirani mpando, aphunzitsi." Sindinaonepo munthu akuchita chinthu mwaluso ndi mwachimwemwe ngati m'mawa umenewo. Khona lisanafike, chala chakumanzere chinkakoka, injini n'kuyankha. Khona likamatha, phazi linkatsika, msana wanga n'kumatirira kumpando, chala chakumanja n'kukoka. Manja sankachoka pachiwongolero. Sanadumphe mzere wapakati ngakhale kamodzi, ndipo titapeza lole ya mafuta ikukwawa pokwera, anakhala kumbuyo kwake moleza mtima mpaka ataona kutali. Ataidutsa ndinawayang'ana. Ankaimba nyimbo ya kutchalitchi ya Chitonga chapansipansi, nkhope ili ngwee. Mwendo wofooka uja unali utangokhala phee pambali, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni ndinaiwala kuti ulipo.

Zimene ananena makaniko zinachitika m'dzinja la chaka chachiwiri. Tikutuluka m'tchalitchi ku Kande, galimoto inalira koma inakana kulowa giya. Inali pampu ija. Anaikokera kunyumba ndi thirakitala, ana akuthamangira kumbuyo, ndipo ena amene ankadikira tsiku lotere anapeza chokamba. Inakhala m'shedi mvula yonse, chitsulo chikudikiridwa kuchokera ku Joni. Ankhazi anabwerera pa minibasi, ndodo pamiyendo, pakati pa madengu a nsomba. Kondakitala wina atawaseka kuti ndege yawo yatera, anamuyankha kuti, "Yatera, mwana wanga. Yako inayamba yaulukapo?" Minibasi yonse inafa ndi phwete, iyenso anaseka.

Chitsulo chitafika, makaniko anabwera yekha pa basi ndi laputopu yake. Anagwira ntchito tsiku lonse, ankhazi atakhala pampando pafupi, akufunsa dzina la chilichonse chimene wamasula. Sanawakumbutse kuti anawachenjeza. Anali iwo amene ananena.

"Munanena, ada. Yewu, zikomo chifukwa simunandinamize."

"Nanga mukanadziwa kuti zifika apa, mukanatenga otomatiki?"

"Ndinkadziwa," anatero. "Mangani bwino, Lachisanu ndili ndi ulendo."

Patapita zaka zingapo anandisamutsira ku Kasungu. Mkazi wanga ndi ana anatsogola pa lole ya katundu, ine ndinatsalira kuti ndipereke ofesi kwa wondilowa m'malo. Ankhazi anati andiperekeza mpaka ku Nkhotakota kumene ndikakwere basi. Tili m'minda ya nzimbe cha ku Dwangwa, pamene msewu uli wowongoka, anaima n'kutsegula chitseko.

"Bwerani mukhale kuno. Simungachoke kwathu musanalawe."

Ndinali ndi laisensi, koma ndinazolowera pikapu yakale ya kusukulu. Phazi langa lakumanzere linkangofufuza kilatchi pamalo opanda kanthu. Pofuna kukweza giya ndinakoka kakhutu kolakwika, injini inakuwa, ine thukuta kamukamu. Ankhazi anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Musayang'ane manambala, aphunzitsi. Masamu mwawasiya ku Chintheche. Mverani."

Ndinamvera. Nditayesa kangapo, giya ina inalowa mosalala moti sindinaimve, ndinangoona nzimbe zikuthamanga. Ndinafuula ngati mwana. Anandilola kuyendetsa mpaka titayandikira midzi, kenako anati basi, ndibweze chuma cha eni.

Ku Nkhotakota tinadya mpunga ndi chambo palesitilanti ina pafupi ndi depoti. Anandilangiza za mdzukulu wawo wamng'ono amene ankadwaladwala chifuwa, kuti ku Kasungu kumazizira kuposa kunyanja, tisamusambitse m'mawa. Basi itabwera ndinawafunsa ngati satopa kubwerera okha mtunda wonsewo.

"Kubwererako ndiye kokoma," anatero. "Kulibe wondipumira m'khosi."

Ndinafika ku Kasungu dzuwa litapendeka. Mkazi wanga anandilandira pakhomo foni ili m'manja. Ankhazi anali atafika kwawo kalekale, atasamba, ndipo ankafunsa ngati tapeza kale chipatala chapafupi.