Ulendo woperekeza mfuti kwa dokotala

Tinanyamuka ku Jumeirah, dera la anthu olemera kuno kwa Aluya, 6 koloko m'mawa, ine pachiwongolero, bwana kumbuyo, mfuti kutsogolo. Inde, kutsogolo! Bokosi lake analitsamiritsa papilo n'kulimanga lamba ngati mwana wodwala.

Bwana wanga amachita nawo mipikisano yowombera chandamale. Chaka chino zipolopolo zake zinayamba kumwazikana, ndipo wolakwa anapezeka msangamsanga: ine dalaivala. Akuti ndimagunda mahampu mpaka mpope wa mfuti unapindika. Usiku wa dzulo lake anandiuza mosapsatira kuti mmisiri wa mfuti amene tinkapita kukamuonayo akavomereza zimenezi, kontirakiti yanga khalasi, yathera pomwepo, ndizikwera ndege kubwerera kumudzi. Ndili ndi ana awiri kusekondale ku Balaka, ndiye musafunse ngati ndinagona.

Pamsewu waukulu anandiletsa kupitirira 60. Malole onyamula simenti ankatidutsa akuimba mahutala, ine thukuta kamukamu ndi manyazi. Pamalo ena omwetsera petulo titatuluka m'tauni ndinagula tiyi wa mkaka wotchedwa karaki ndi parata imodzi, chapati cha kuno, madiramu awiri basi. Bwana anakana kutsika. Anatsala akuyang'anira wodwala wake.

Cha m'ma 8 nyumba zinatha, kunatsala mchenga ndi ngamira zotiyang'ana monyoza. Pageti ya kalabu yowomberako, kumene amagwira ntchito mmisiriyo, tinapeza mlonda wa ku Zambia. Anasuzumira pawindo n'kundinong'oneza: "Ba Malawi, manje iyi ndiye madamu?" Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

Mmisiri anali mdala wa ku Pakistan, wa magalasi ochindikala, wosachedwa ndi moni. Analowetsa kakamera mumpope, chithunzi n'kuoneka pakompyuta. Abale inu! Mkati munali ming'alu yokhayokha ngati dambo mwezi wa Okutobala.

"Mahampu, eti?" anatero bwana, diso lili pa ine.

Mdala uja sanatembenuke n'komwe. Anati hampu sipsereza chitsulo. Chipolopolo chilichonse chimatuluka ndi moto, motowo umadya mpope pang'onopang'ono, makamaka munthu akamawombera motsatizana osaupatsa mpata wozizira. Mpope umatha ngati tayala. Kenako anafunsa: "Yawombera kangati chiigulireni?"

Katswiri wathu, wa makapu asanu pabalaza, anayamba kukanda ndevu. "Pang'ono chabe," anatero.

Apa ndiye mtima unandiwawa. Loweruka lililonse iye akamaonetsa anzake mmene amathothorera zipolopolo dzuwa lili pamutu, amene amawerama kutola makoko otentha ndine. Salola kuti atayidwe, ndimawasunga m'galaja. Ndinadziwa kuti wantchito sayankha asanafunsidwe, koma ndege inali itandiyandikira kale.

"Ndowa zitatu, bwana," ndinatero. "Zija za penti. Yachinayi ili pakati."

Mdala anavula magalasi. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti mpopewu unafa kalekale, bwana wakhala akupita kumpikisano ndi mtembo. Anamulangiza kugula wina, ndiponso kuti azilemba m'kabuku akawombera, "kapena muzingofunsa dalaivala wanuyu."

Mukuganiza kuti bwana anapepesa? Ng'o! Chala sichiloza mwini. Anangoti chitsulo cha masiku ano n'chachabechabe, n'kutuluka.

Tinabwerera 11 koloko dzuwa likuswa mtengo. Mfuti ija, madamu a m'mawa aja, inaponyedwa kubuti pamodzi ndi jeke. Pilo uja bwana anatsamira yekha. Njira yonse ankangoti "yala, yala," kundifulumizitsa ndikatsika pa 100.

Ndinaphunzirapo chimodzi: kuno ukamatola zinyalala za bwana, uzidziwa kuchuluka kwake, tsiku lina zidzakuyankhulira.

Titalowa mu Jumeirah anayankhula osandiyang'ana: "Mawa 7 koloko, ana kusukulu." Ndinadziwa kuti ntchito ilipo. Kutsogolo kunali hampu yaikulu ija ya pafupi ndi mzikiti. Buleki sindinaiponde.