Tsiku Limene Tinafukiza Makoswe ku Gaborone West

Munthu akanena kuti Amalawi timadya makoswe, ine mtima umandiwawa mpaka lero. Makoswe? Ife? Mbewa ndiye ndiwo, zimakhala kumunda, zimadya mtedza ndi mapira. Khoswe ndi mbava ya m'nyumba, ndipo ngakhale chaka cha njala sitimuyang'ana kawiri. Koma kafotokozereni zimenezi Mtswana amene anakulira nyama ya ng'ombe. Anzanga a kuntchito akaona khoswe akudutsa ankakuwa kuti, "Rra, chakudya chanu chamasana chikuthawa!" Ndinkaseka nawo, koma m'kati ndikupsa.

Nthawi imeneyo ndinali woyang'anira nyumba yosungiramo katundu ya holoselo ina ku Gaborone West, chakumafakitale. Tinkasunga mpunga, shuga, nyemba, mabisiketi ndi chakudya cha agalu. Eni ake anali mayi a Chitswana, aafupi, osalankhulalankhula, amene tonse tinkangowatchula kuti Mma, kutanthauza mayi, monganso ine ankanditchula kuti Rra, bambo. Chaka chimenecho makoswe anatilowerera. Ukanyamula thumba la mpunga, mpunga umatsalira pansi, iwe n'kupita ndi thumba lokha.

A zaumoyo ochokera kukhonsolo atabwera, anapeza zitosi kuseri kwa matumba a shuga. Anati abweranso pakatha masabata awiri, ndipo akapezanso zomwezo atseka. Apa ndiye panagona vuto langa. Kontirakiti yanga inkatha mwezi womwewo, ndipo pemiti yanga yokhalira m'dziko muno inkadalira kalata ya Mma. Ndinali ndi ana atatu pasukulu, ana oti ukawafunsa m'Chichewa amakuyankha m'Chitswana. Ndikanakawatula bwanji kwathu ku Dedza pakati pa chaka?

Mma anandiitana muofesi mwawo. "Rra, makiyi a nyumbayi ali ndi inu. Akatitsekera, kalata yanuyo ndilemba kuti mumagwira ntchito kuti?"

Anaitanitsa bambo wina wa kampani yopha tizilombo. Anabwera atavala ovololo yoyera, n'kuika timabokosi takuda ta mankhwala m'mbali mwa makoma. Anatiuza kuti katundu asagone pasimenti, tim'kweze pamatabwa, tisiye mpata pakati pa matumba ndi khoma, tizisesa chilichonse chotayika, migolo ya zinyalala izikhala yotseka. Zonsezo tinachita, misana mpaka kuthyoka. Ndinam'funsa kuti kenako titani. Anati, "Mudikire." Sabata yathunthu inatha. Makoswe aja timabokosito ankangotilambalala, ndipo tsiku lina ndinapeza wina atakhala pamwamba pa kabokosi akupukuta ndevu.

Woyendetsa lole yathu anali Mzambia wa ku Chipata, ankachita lendi kachipinda ku Old Naledi. Ine ndi iye tinkakangana tsiku lililonse kuti odziwa kukumba mbewa ndi ati, a ku Dedza kapena a ku Chipata. Iye ankati ife timakumba ngati tikufuna chinangwa. Lachisanu lina anandipeza nditagwira njakata pakhomo.

"Mudala," anatero, "imwe na ine tinakulira pa khasu. Manje tizankala chabe kuyembekeza tumabokosi? Tifukize!"

Ndinene zoona, mawu amenewo anandikomera. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti mbewa ikakana kutuluka, umasonkha moto pauna, n'kuupemerera utsi ulowe. Umayamba wafufuza una wothawira, n'kuimikapo mnzako ndi chibonga. Ndinali nditachita zimenezi kosawerengeka ndili wamng'ono, ndipo sindinabwererepo kunyumba chimanjamanja. Munthu wa ovololo yoyera akanandiphunzitsa chiyani?

Tinapangana Loweruka masana, chifukwa tinkatseka wani koloko. Mnzangayo anabwera ndi thumba la ndowe zouma zimene anatola kumudzi wina kumene anakatula katundu, udzu, ndi tsabola wouma wodzaza chipewa. Tsabolayo ndinam'kana. Iye anati ndiye chifukwa chake a ku Dedza mbewa zimatipulumuka. Sindikanalola kunyozedwa, ndinati athire yense.

Una waukulu unali pakona, pamene paipi ya mawaya a magetsi inkalowera pansi. Tinazungulira kunja, n'kupeza una wina pafupi ndi ngalande. Tinayang'anana monyadira, akatswiri awiri. Iye anaima pamenepo ndi mpini wa fosholo. Ine ndinalowa, n'kugwada, kusonkha moto m'chitini cha penti, n'kuyamba kupemerera ndi katoni. Utsi unkalowa bwino kwambiri moti ndinayamba kuimba kanyimbo ka kumunda.

"Zatuluka?" ndinakuwa.

"Palibe olo imozi!" anayankha ali panja. "Pemererani, mudala, muli na manja ya mwana?"

Ndinapemerera ndi mphamvu zanga zonse. Chimene tonse awiri tinaiwala n'chakuti nyumba ya m'tauni si munda. Kumunda una umakhala ndi pothawira pamodzi kapena pawiri. Paipi ija inkayenda nyumba yonse. Nditadzutsa mutu ndinaona utsi ukutuluka m'masoketi, pansi pa chitseko cha kuchimbudzi, kudenga, kuseri kwa mashelefu, paliponse. Kenako alamu ya moto inayamba kulira, kulira kwake kobaya m'makutu.

Ndiye chitseko cha ofesi chinatseguka. Mayo ine! Galimoto ya Mma inali kugalaja tsiku limenelo, n'chifukwa chake titaona pabwalo palibe galimoto tinkayesa apita. Anali mommo, akudya nkhomaliro atavula nsapato. Paipi ija inkathera kuseri kwa kabati yawo. Anatuluka opanda nsapato, foloko ili m'manja, misozi ya tsabola ili chuchuchu, ndipo pakati pa miyendo yawo panadutsa makoswe, akuluakulu ndi ana omwe, osawerengeka. Wina anali atakwera chikwama chawo cha m'manja. Mayi aja amene sindinawamvepo akukweza mawu anakuwa mawu a Chitswana amene ana anga anakana kundimasulira.

Mnzanga uja anatulukira pakhomo ndi mpini wake, akutsokomola. Ataona Mma anavula chipewa mwaulemu n'kunena, "Dumela, Mma." Ndinalakalaka nditam'ponyera chitini chija.

Ozimitsa moto anafika ndi chigalimoto chawo, anthu a m'mashopu oyandikana nawo atadzaza pamsewu ndi mafoni m'manja. Moto panalibe, ndinali nditauthira kale madzi. Mkulu wawo anandifunsa chimene ndinkachita. Nditafotokoza, anakhala pathumba la nyemba n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. Atatha kuseka anandigwira paphewa, n'kundiyendetsa nyumba yonse akundiloza paliponse pamene utsi unkafukabe. Anati pamene patuluka utsi, khoswe amalowa pomwepo. Ndinatenga choko cholembera matumba n'kumachonga malo onsewo.

Lolemba bambo wa ovololo yoyera anabwera, naye anayamba kaye waseka. Koma ataona zochongachonga zija anangoti kukamwa yasa, chifukwa mabowo ambiri iye sanawaone. Tinawatseka onse ndi waya wa sefa ndi simenti, pansi pa zitseko tinakhomapo malata. A zaumoyo atabweranso anayenda ndi tochi ngodya iliyonse, osapeza chitosi ngakhale chimodzi. Anangofunsa kuti bwanji shuga wathu akununkha ngati khola.

Musaganize kuti ndinasangalala. Mma anasiya kundilankhula. Ndikawapatsa moni ankangogwedeza mutu n'kudutsa. Munthu amene wasonkha moto m'nyumba ya katundu wa eni, pafupi ndi mawaya a magetsi, amachotsedwa ntchito, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo kuposa aliyense. Chakudya chinasiya kulowa. Mayi a kunyumba anayamba kufunsa mwakachetechete mtengo wa makatoni olongedzera katundu. Ndinkachita mantha, komanso manyazi, bambo wamkulu wa imvi zanga.

Tsiku lomaliza la mwezi anandiitana. Kalata inali patebulo, yosasainidwa.

"Rra, ndifunsa kamodzi. Nzeru ya moto inali ya ndani?"

Lilime linayabwa. Nzeru inali ya wa ku Chipata, ndowe zinali zake, tsabola anali wake. Koma naye ankakhala m'dziko muno ndi pepala ngati langa lomwe, ndipo machesi anakhwatchidwa ndi dzanja langa.

"Inali yanga, Mma. Mnzangayo ndinangom'tuma kuima panja."

"Zodabwitsa. Iye anabwera m'mawa muno asanapite ndi lole. Akuti anasonkha yekha, inu munali kuchimbudzi, simunadziwe kanthu." Anapukusa mutu. "Ndili ndi antchito awiri opusa, ndipo onse awiri ndi abodza. Ena amene ndinalembapo anali ochenjera, koma chinthu chikalakwika aliyense ankaloza mnzake." Anatenga cholembera n'kusaina, n'kutulutsa kalata ina m'kabati, kusainanso. "Iyi mukam'patse. Mukadzayatsanso ngakhale kandulo muno, ndidzakuperekezani ndekha kumalire."

Ndinathokoza kuti ke a leboga katatu konse, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo.

Lole inabwera cha m'ma folo. Ndinam'peza mnzangayo akupukuta galasi, osandiyang'ana. Ndinam'ponyera kalata yake pampando.

"Iwe, wabodza iwe," ndinatero, "ndi liti pamene ine ndinali kuchimbudzi? Ukufuna anthu azinena kuti moto wabwino ngati uja anasonkha wa ku Chipata?"

Anaitembenuza kalatayo, kuiwerenga, n'kuipinda bwinobwino. Maso anali atafiira.

"Mudala, ine nili neka na chola chimozi," anatero. "Nikanakwera chabe basi. Imwe muli na bana batatu pa sukulu."

Ndinafuna kum'yankha mwachipongwe monga mwa masiku onse, koma ndinangokwera m'lolemo n'kukhala pambali pake, tonse awiri tikuyang'ana kutsogolo, injini yosaliza.