Mkamwini ndi Msangu wa Chipani

Loweruka ndinapita kumsika ku Ulongwe kukagula mbewu ya nyemba. Pafupi ndi pokwerera chapa, timaminibasi ta kuno, ndinapeza msonkhano wa kachipani kena kakang'ono, kaja kamangokamba za kusintha kwa nyengo. Zipani zinazi zikabwera zimagawa makapulana, zitenje zija. Aka kamagawa mbande za mitengo. Anthu atamva kuti kapulana palibe, anakumbukira kuti ali ndi zochita.

Ine ndinatsala. Mukundidziwa, sukulu ndinangoinunkhiza, koma ngakhale pepala lokulungira usipa ndimayamba ndaliwerenga. Mtsikana wa chipanicho ananena zoona: mvula ikugwa kamodzi, tidzala, iyo n'kusowa, chimanga n'kupsa chisanafike m'mawondo. Ndinavomera ndi mutu mpaka anandipatsa mbande ya msangu.

"Mukadzale m'munda mwanu, bambo. Imabweza chonde."

M'munda mwanga! Ndinapalasa njinga kubwerera ku Lifidzi ngati nduna.

M'mawa mwake, titatuluka ku misa, ndinayamba kukumba. Alamu anga a Bonifasiyo, achimwene a akazi anga, anatulukira.

"Alamu, ndi mbewa?"

"Ndikupulumutsa dziko, alamu."

"Dzikolo pulumutsani, koma munda uwu ndi wa malemu amayi. Chimanga dzalani, mukolola n'kutha. Mtengo suchoka. Mawa a kwanu adzabwera n'kumati apa ndi pathu, mtengo wa m'bale wathu uwu."

Imvi zandimerera pamudzi pano, koma mkamwini ndi mkamwini. Kwa eni kulibe mkuwe. Kwathu nako munda abale anagawana ife tili kothawa nkhondo ku Dedza. Ndiye ndikadzale kuti, pachishalo cha njinga?

Chondiseketsa n'chakuti chaka chatha alamu omwewa poumba njerwa anandiitana ndi nkhwangwa yanga. Tinagwetsa mitengo yowotchera uvuni, ndipo palibe anandifunsa kuti kwathu n'kuti. Kudula, mkamwini ndi m'bale. Kudzala, ndi mlendo.

Tilipo angati otere m'mapiri muno? Akamwini, obwereka minda, obwerera kuchokera ku Malawi omwe akulima pamalo pongoloza ndi chala. Tonse tikudandaula za mvula, ndipo tonse tikuopa kukumba dzenje.

Mbandeyo inakhala pakhonde mpaka masamba anayamba kugwa. Lachitatu akazi anga, a Naphiri, anainyamula. Anakaidzala m'dzenje langa lomwelo, achimwene awo akuona.

"Munda wa amayi, mtengo wanga. Pali mlandu, achimwene?"

Mlandu panalibe. Kenako a Naphiri anandipatsa ndowa.

"Inu owerenga, madzi ali kudambo."

Ndiye mtengo ndi wawo, kuthirira ndi kwanga, ndipo mbuzi ikaudya mlandu ukudziwika mwini wake.

Inu a kachipani, sindikukunyozani, mwina voti yanga n'kukhala yokhayo mungaipeze ku Lifidzi. Koma mukudziwa za madzi oundana akusungunuka kutsidya kwa nyanja, mwalephera bwanji kufunsa munthu amene waima pamaso panu kuti, "Bambo, mundawo ndi wa yani?"